Kutupa kwa ubongo mwana atachira katsabola: lipoti la mnyamata wa zaka 7 ku Mzuzu

Mnyamata wa zaka 7 anafika m'wodi yathu ya ana kuno ku Mzuzu m'mwezi wa Okutobala ndi kalata yoti ali ndi malungo a muubongo. Anatuluka patatha masiku 19 tikumuthandiza ngati wodwala ADEM, kutupa kwa ubongo ndi mtsempha wa mumsana komwe kumabuka mwana atangochira matenda ena a vairasi. Lipotili ndalembera makamaka anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, poti ana otere amayambira m'manja mwawo asanafike kwa ife. Makolo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, ndipo dzina ndi zina zomuzindikiritsa ndazichotsa.

Momwe anayambira

Banjali kwawo ndi ku Dedza koma likukhala ku Mchengautuwa. Bambo amagwira ntchito ya matabwa ku Chikangawa, mayi amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndipo masana ana amatsala ndi agogo awo akuchikazi. Mwanayu ali Sitandade 2. Bukhu lake la kuchipatala likuonetsa kuti katemera analandira yense, ndipo sanakomokepo chibadwire.

Masiku asanu asanafike kwa ife anayamba kudandaula mutu, thupi linatentha, ndipo anasanza kawiri. Kuchipatala cha pafupi anamuyeza malungo ndi mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu ndi dontho la magazi, mizere inatuluka iwiri kusonyeza malungo, anamupatsa LA ndi panado. LA anamaliza bwinobwino koma mwana sanadzuke. Anayamba kugona usana wonse, akaimirira ankadzandira, mawu ankatuluka mokoka lilime. Tsiku lomwe anamubweretsa anakomoka kwa mphindi pafupifupi khumi, ndipo mayi anaona bwino kuti kunjenjemerako kunayambira dzanja lamanzere ndi mbali ya kamwa kenako nkufalikira thupi lonse. Chikodzere dzulo lake madzulo, anali asanakodzenso.

Nditafunsa ngati mwana anadwalapo posachedwa, mayi anatchula malungo okha, omwe anamwera LA mwezi wapitawo. Galu sanamulumepo kapena kumukanda, pakhomo palibe wotsokomola kwa nthawi yaitali, mankhwala achikuda sanamwetsedwe, asipirini ayinso.

Zomwe tinapeza

Ankalemera makilogalamu 21, thupi linali 38.3, shuga 5.4 mmol/L, PCV (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) 34 peresenti. Sanali wotuwa m'maso, kapamba sanali wotupa, ndipo ankapuma bwino. Pa Blantyre Coma Score, sikelo yoyezera kuzama kwa chikomokere mwa ana, anapeza 3 mwa 5: tikamutsina ankakankha dzanja lathu, ankabuula osatulutsa mawu omveka, koma maso sankatsatira nkhope ya mayi ake. Khosi linali louma pang'ono chabe. Dzanja ndi mwendo wamanzere zinali zofooka kuposa zakumanja, mawondo onse ankadumpha kwambiri tikamenya ndi kahamala, ndipo tikakanda kuphazi chala chachikulu chinkaloza m'mwamba mbali zonse. Chikhodzodzo chinali chitadzaza mpaka pafupi ndi mchombo. Titaika paipi munatuluka mkodzo wopitirira 400 ml.

Titamuvula malaya kuti tione ngati pali timadontho ta magazi pakhungu, tinapeza zina. Pamsana, pamimba ndi m'mutu munali timadontho tozungulira, tambiri, tina toyererako tina takuda, tosonyeza kuti nkhanambo zinagwa posachedwa. Sisitala amene ndinali naye anatembenukira kwa agogo omwe anakhala pansi pambali pa bedi atanyamula fulasiki.

"Agogo, timabalati tinabwera bwanji?"

"Aa, nkatsabola ameneyo, anesi. Anagwira ana onse pakhomopo sukulu itangotsegulira. Koma ameneyo anatha kalekale, tinangowapaka mankhwala oyera aja."

Titawerengera pamodzi, zinaoneka kuti matuza anatuluka masabata atatu asanagonekedwe, ndipo mutu unayamba patatha masiku pafupifupi 16 chitulukire matuzawo. Mayi sanabise kanthu. Kwa makolo ambiri katsabola, matsagwidi ndi chimfine si matenda oti nkuwatchula kwa dokotala. Ndi zinthu zomwe mwana aliyense amadutsamo. Funso loti "wadwalapo posachedwa?" silingawatulutse. Pafunika kuwatchula mayina, limodzilimodzi, ndipo mwana avulidwe malaya.

Usiku woyamba tinachita zomwe mwana aliyense wokomoka ndi thupi lotentha amafunika. Tinayamba artesunate wa mumtsempha wa malungo aakulu, 2.4 mg pa kilogalamu popeza anapitirira makilogalamu 20, ndi ceftriaxone wopha bakiteriya, 2 g kamodzi patsiku. Atakomokanso m'bandakucha tinamupatsa diazepam, kenako phenobarbitone 20 mg pa kilogalamu, ndipo sanakomokenso. Chifukwa cha zipsera zija tinaonjezera aciclovir wa mumtsempha wolimbana ndi vairasi ya katsabola, 15 mg pa kilogalamu maola 8 aliwonse, ndi diripi yokwanira yoteteza impso. Madzi a pamsana sitinachotse usiku umenewo poti anali atangokomoka kumene ndipo mbali imodzi inali yofooka.

Silaidi ya malungo inatuluka yopanda tizilombo, ndipo tinabwereza kawiri motalikanitsa maola 12, zotsatira zili zomwezo. HIV analibe. X-ray ya pachifuwa inali yoyera. Titathira mankhwala okulitsa mwanadiso ndi kuyang'ana kuseri kwa diso, sitinaone magazi, madontho oyera kapena mitsempha yosintha mtundu, ndipo mutu wa mtsempha wa diso sunali wotupa. Sikani ya CT ya mutu, yomwe inajambulidwa tsiku lachiwiri, sinaonetse chotupa, mafinya, magazi kapena madzi odzadza.

Madzi a pamsana

Apa tinachedwa maola angapo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa ambiri tikukumana nazo. Nditatchula zochotsa madzi a pamsana, mayi anaweramitsa mutu.

"Adokotala, pepani, dikirani kaye ndiwauze amalume ake. Ine pandekha sindingavomere zimenezo. Mwana wa aneba athu anamuchotsa madzi, mawa lake anamwalira."

Sindinawaone ngati ovuta. Mwanayu ndi mbumba ya eni, ndipo mayi amene wavomera yekha, mwana nkumwalira, adzasenza mlandu moyo wake wonse. Tinawaimbira amalumewo ku Dedza, foni ili pa sipika, bambo a mwana atafika kale kuchokera ku Chikangawa. Ndinawauza mmene zilili: ana omwe timawachotsa madzi amakhala odwalika kale, ndipo ena amamwalira ndi matenda omwe anatichititsa kuyeza, osati ndi singano. Ndinawaonetsa makolowo kabotolo kopanda kanthu kuti aone kuchepa kwa madzi omwe timatenga, ndi kuwauza kuti thupi limapanga ena tsiku lomwelo. Ndinawauzanso kuti pali mankhwala amphamvu omwe ndikuganiza kuti angamuthandize, koma sindingawapereke ndisanaone madziwo, kuopa kuti ngati ndi TB ndingamuwonjezere matenda. Amalume anafunsa ngati bambo a mwana angakhalepo pochotsapo. Ndinavomera, ndipo bambowo anamugwira okha miyendo.

Madzi anatuluka oyera mbee, osathamanga. Maselo oyera anali 38, pafupifupi onse a mtundu wa lymphocyte. Puloteni inali 0.7 g/L, yokwera pang'ono, shuga 3.6 mmol/L pomwe wa m'magazi anali 5.5. Zoyezera bakiteriya (Gram), fangasi (CrAg) ndi TB (GeneXpert) sizinaonetse kanthu, ndipo pa culture, pomwe timameretsa tizilombo, sipanamere kalikonse, ngakhale izi sitinazidalire kwambiri poti anali atalandira kale ceftriaxone.

Tsiku lachitatu mwana anatsika. Sikoo inafika 2, mwendo wakumanja nawo unafooka, malovu ankadzadza m'kamwa, ndipo tinaika chubu cha m'mphuno chomudyetsera. Thupi linali litazizira, malungo mulibe, mankhwala akulowa, koma ubongo ukubwerera m'mbuyo.

Chifukwa chomwe tinaganizira ADEM

Kuno mwana akakomoka ndi mRDT ya mizere iwiri, maganizo a aliyense amathamangira malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Artesunate asachedwe, pamenepo palibe mkangano. Chomwe ndikukana ndi choti mizere iwiriyo itseke mafunso ena onse. mRDT imayeza puloteni ya HRP2, yomwe imatsala m'magazi masabata angapo tizilombo titafa, ndipo mwanayu anali atamwa LA mwezi wapitawo. Komanso ana ambiri m'madera a malungo amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala nato.

Umboni wa zimenezi unachokera m'dziko mwathu momwe muno. Sikelo yomwe timagwiritsa ntchito poyeza ana okomoka inapangidwa ku Blantyre ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, ndipo inasindikizidwa mu 1989. Gulu lomwelo linafalitsa mu 2004 zomwe linapeza poyeza matupi a ana omwe anamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo: pafupifupi mmodzi mwa anayi anali atafa ndi matenda ena, ndipo chomwe chinkasiyanitsa bwino magulu awiriwo chinali kuyang'ana kuseri kwa diso. Macpherson Mallewa ndi anzake, pa chipatala cha Queen Elizabeth, anapezanso mavairasi mwa pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi omwe ankaganiziridwa matenda a muubongo, ena mwa iwo ali ndi tizilombo ta malungo nthawi yomweyo, ndipo anaonetsa kuti ngakhale chiwewe chinkalembedwa ngati malungo. Ndi chifukwa chake funso la galu silidumphidwa. Kwa mwana wathuyu, masilaidi atatu opanda kanthu, magazi okwanira ndi maso oyera zinatichititsa kusiya artesunate atalandira katatu.

Matenda oumitsa khosi a bakiteriya sanagwirizane ndi madzi oyera, maselo ochepa ndi shuga wabwino, komabe ceftriaxone tinamupitiriza masiku 10 poti culture inatengedwa mochedwa. TB ya muubongo ndi imene inandisowetsa tulo. GeneXpert ya madzi a pamsana ikakana sikuti TB mulibe. Chomwe chinatilimbitsa mtima ndi choti matendawa anali a sabata imodzi osati masabata ambiri, mwana sanaonde, shuga wa m'madzi sanatsike, puloteni sinakwere kwambiri, pachifuwa panali poyera ndipo CT sinaonetse madzi odzadza.

Katsabola payekha amatha kukhudza ubongo m'njira zingapo, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Yofala kwambiri ndi kudzandira kochokera ku kaubongo ka kunkhongo, komwe kumagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa 4,000: mwana amayenda mopepesuka, manja amanjenjemera, koma nzeru zimakhala zili bwino ndipo amachira yekha. Vairasiyo imathanso kulowa muubongo momwemo, kawirikawiri matuza akadalipo kapena atangouma, ndipo ndi chifukwa chake tinapitiriza aciclovir masiku 14. Ilinso ndi khalidwe lotupitsa mitsempha ya magazi ya muubongo nkubweretsa sitiroko patatha miyezi, koma pamenepo mbali imodzi imafa mwadzidzidzi. Mwana wa katsabola akamwetsedwa asipirini pamatha kubwera matenda a Reye, a kusanza kosalekeza, shuga wotsika ndi chiwindi chowonongeka. Uyu sanamwe, ndipo chiwindi chake chinali bwino.

ADEM ndi ina. Vairasi imakhala itapita, koma chitetezo cha mthupi chomwe chinadzuka kuti chilimbane nayo chimatembenukira myelin, mafuta omwe amakuta mitsempha ya muubongo ndi mumsana monga pulasitiki imakutira waya wamagetsi. Akasupuka malo angapo nthawi imodzi, zizindikiro zimabalalika, ndipo ndi zomwe tinaona: kugona ndi kusokonezeka kwa nzeru, kukomoka, kudzandira, kufooka mbali imodzi kenako ina, kulephera kumeza, ndi mkodzo wotsekeka wosonyeza kuti msana nawo wakhudzidwa. Palibe malo amodzi muubongo omwe angafotokoze zonsezi. Imakonda ana a zaka zapakati pa 5 ndi 8, imabwera patapita masiku angapo mpaka masabata atatu kapena anayi matenda oyambawo atadutsa, ndipo imakula mkati mwa masiku ochepa. Kale inkadziwika kwambiri pambuyo pa chikuku, komwe pafupifupi mwana mmodzi mwa 1,000 amatupa ubongo ndipo ambiri amatsala olumala kapena kumwalira. Amene tinali kale pantchito mu 2010, mliri wa chikuku utagwira anthu opitirira 100,000 m'dziko muno, tikudziwa phindu la katemera wa pa miyezi 9 ndi 15. Wa katsabola ndi wa matsagwidi sali pa ndondomeko ya katemera wa boma, choncho ana odwala matenda awiriwa tipitiriza kuwaona nyengo iliyonse.

Chomwe chimatsimikiza ADEM ndi sikani ya MRI, yomwe imaonetsa zigamba zazikulu zosalongosoka malire mbali zonse za ubongo. CT kawirikawiri siziona, choncho CT yoyera sinatitsutse. MRI ife tinalibe, ndipo mwana wa sikoo 2, wosameza, sakanapirira ulendo wa maola ambiri pa ambulansi. Kuyeza vairasi m'madzi a pamsana ndi kuyeza ma antibody a MOG, asilikali a mthupi olimbana ndi puloteni ina ya mu myelin, omwe amapezeka mwa ana ambiri a ADEM, sitikanathanso. Ndinakambirana pafoni ndi mnzathu wina wodziwa za ubongo wa ana, ndipo tinagwirizana kuti kudikira umboni womwe sufika kunali koopsa kuposa kupereka ma steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa ndi chitetezo cha mthupi, kwa mwana amene TB, HIV ndi bakiteriya tazifufuza mmene tingathere, nkhanambo zake zagwa, ndipo aciclovir akulowa kale. M'faelo tinalemba kuti ndi ADEM yoganiziridwa, osati yotsimikizidwa, ndipo ndi momwe ndikuitchulirabe.

Chithandizo ndi momwe anachirira

Tsiku lachinayi m'mawa tinayamba steroid wa mumtsempha wotchedwa methylprednisolone, 30 mg pa kilogalamu, kutanthauza 630 mg, wolowa pang'onopang'ono m'diripi kamodzi patsiku kwa masiku asanu. BP ndi shuga tinkayeza maola 6 aliwonse, ndipo tinamupatsa omeprazole woteteza m'mimba. Shuga anakwera kamodzi kufika 11, anatsika yekha. Akanapanda kusintha, chotsatira m'mabuku ndi IVIG, ma antibody otengedwa m'magazi a anthu ena, 2 g pa kilogalamu, kapena kusefa madzi a m'magazi, zomwe kwa ife zikanafuna kumutumiza kutali.

Mankhwala anachita mbali yake, koma mwana wogona chikomokere amafa ndi zinthu zina: phala lolowa m'mapapo, zilonda za pamsana, matenda a m'chikhodzodzo. Anamwino anawaphunzitsa mayi ndi agogo kumutembenuza maola awiri aliwonse, kukweza kumutu kwa bedi, ndi kuthira Likuni phala wosungunula ndi mkaka m'chubu ndi sirinji mosathamanga. Agogo anachigwira msanga. Ankakoka kaye sirinji kuona ngati chubu chili m'malo, nkuyesa kutentha kwa phala padzanja, ndipo usiku ankadzutsa mayi ndi alamu ya pafoni ikakwana nthawi yotembenuza. Mwanayu anatuluka wopanda chilonda ngakhale chimodzi. A mafizo anayamba kumupinda ndi kumuwongola manja ndi miyendo asanatsitsimuke nkomwe.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi maso anayamba kutsatira mayi ake. Tsiku lotsatira anapempha madzi ndi mawu omveka. Chubu cha m'mphuno tinachotsa pa tsiku la 9 titaona kuti akumeza osatsamwa, paipi ya mkodzo pa tsiku la 10. Anakhala tsonga yekha pa tsiku la 11, anaima atagwira bedi pa tsiku la 14, ndipo potuluka ankayenda masitepe angapo atagwiridwa dzanja. Kuchira msanga chotere ma steroid atayamba kumagwirizana ndi ADEM, ngakhale pakokha si umboni, poti aciclovir ankalowanso nthawi yomweyo.

Atamaliza a mumtsempha tinamuika pa prednisolone wakumwa, 20 mg m'mawa uliwonse, nkumachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata 6, chifukwa kusiya msanga kumatha kudzutsanso matendawa. Ndondomekoyo tinailemba m'bukhu lake sabata ndi sabata, ndi chiwerengero cha mapiritsi osati mamiligalamu. Makolo tinawachenjeza kuti nkhope ifufuma ndipo njala ichuluka, kuti asasiye mankhwala pakati, ndiponso kuti thupi likatentha asagule mankhwala pagolosale koma abwere. Phenobarbitone tinamuchotsanso pang'onopang'ono patatha miyezi itatu osakomoka.

Atabwerera kunyumba

Pa sabata lachisanu ndi chimodzi analowa m'chipinda choyezera akuyenda yekha. Pa miyezi itatu ankathamanga, ngakhale dzanja lamanzere linkachedwa pomanga mabatani. Maso ankaona bwino onse. Ndikanangoyang'ana miyendo ndikanalemba kuti wachira. Koma mayi, titatsala pang'ono kutsazikana, anati:

"Adokotala, kuyenda akuyenda, tikuthokoza Mulungu. Koma mwanayu si yemwe uja. Ukamutuma kugolosale zinthu ziwiri amabwera ndi chimodzi. Sachedwa kupsa mtima, akumenya mng'ono wake. Aphunzitsi akuti wayamba ulesi."

Ana ambiri a ADEM amachira bwino m'thupi, koma ena amatsala ndi vuto la kuiwala, kusakhazikika maganizo ndi kusintha khalidwe, ndipo zimenezi sizioneka m'wodi. Zimaonekera m'kalasi ya ana ochuluka, momwe mwana wochedwa kumva amangotchedwa waulesi kapena wamwano. Ndinalembera aphunzitsi ake kalata ya Chichewa, yofotokoza kuti mwanayu anatupa ubongo, kuti akhale kutsogolo, apatsidwe malangizo amodziamodzi, ndipo asakwapulidwe akaiwala. Bambo ndinawapempha zomwezo za kunyumba. Tinawatumizanso kwa anzathu a St John of God, omwe amathandiza ana a mavuto a kakulidwe ndi kaphunziridwe kuno ku Mzuzu.

Pa miyezi 6 dzanja linali litawongoka, ukali utachepa, koma kuwerenga kunali kukadali m'mbuyo poyerekeza ndi momwe ankachitira asanadwale, ndipo makolo ndi aphunzitsi anagwirizana kuti abwereze Sitandade 2. ADEM kawirikawiri imabwera kamodzi kokha, koma ana ena, makamaka omwe ali ndi ma antibody a MOG, amadzadwalanso, nthawi zambiri ndi kutupa kwa mtsempha wa diso. Choncho makolo akudziwa kuti akadandaula kuti diso likuwawa kapena sakuona bwino, akayambanso kudzandira, kufooka kapena kulephera kukodza, abwere tsiku lomwelo ndi bukhu lake osayamba adikira. Tikumuona miyezi 6 iliyonse kwa zaka ziwiri, tikumuyeza maso ulendo uliwonse, ndipo tsopano poti akhoza kuyenda ulendo wautali, tamulembera kalata yokajambulitsa MRI ku Blantyre kuti pakhale chithunzi choyerekezera nacho ngati atadzadwalanso.